Mutu waching'alang'ala sukundichokanso: ndingalankhule bwanji ndi dokotala?

Naphiri, Cosmo City

Moni nonse a m'gulu lino. Ndakhala ndikungowerenga zolemba zanu kwa nthawi yaitali, koma lero ndaona kuti ndibweretse vuto langa, poti mutu umodzi susenza denga, makamaka mutu wodwala ngati wangawu. Ndili ndi zaka 38 ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Randburg, kuno ku Joni. Mutu waching'alang'ala unandiyamba ndili mtsikana kwathu ku Dedza, ndipo mayi anga ankadwalanso mutu womwewu, moti tikaona adzimanga duku mothina ndi kutseka chitseko dzuwa lili paliwombo, ana tonse tinkadziwa kuti tikasewerere kutali. Kale unkandibwerera kamodzi kapena kawiri pa mwezi, makamaka ndikatsala pang'ono kusamba. Umagwira mbali ya kumanzere kuyambira kuseri kwa diso, ndipo umagunda ngati munthu akusinja m'kati mwa chibade. Ndimachita nseru, kuwala kumandilasa m'maso, ndipo fungo la sopo wochapira, amene ndimamugwira tsiku lililonse pa ntchito, limandisanzitsa.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi chakuti kuyambira chaka chatha mutuwu sukuchokanso. Ndimadzuka nawo ndi kugona nawo, ngakhale kuti masiku ena umakhala wocheperako. Ndimagula ufa wa mutu uja wa m'timapepala pa kagolosale ka pakona kaja timati spaza, ndimamwa kapepala kamodzi ndisanakwere takisi ndi kena masana, ndipo ukakula ndimagula ku famase mapiritsi a ululu amphamvu aja okhala ndi codeine. Ku kiliniki ndapitako kawiri, ndipo maulendo onse awiri ndinakhala pa mzere kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka masana, n'kubwerako ndi panado ndi malangizo akuti ndizimwa madzi ambiri. Kodi alipo amene akudziwa mankhwala amphamvu kuposa amenewa? Nanga ndilankhule motani kuti adokotala andimvetse?

Bambo a Chikondi, Turffontein

Pepani kwambiri Naphiri. Ine ndine wachikulire ndipo ndinena zimene ndinaona ndi maso anga. Azakhali anga ku Ntcheu ankavutika ndi mutu wa mtundu umenewu kwa zaka zambiri, ndipo mankhwala akuchipatala sanawathandize, mpaka pamene anawatema mphini m'litsipa mbali zonse ziwiri. Kuchokera pamenepo sindinawamvenso akudandaula. Ngati mukupita kumudzi pa Khirisimasi, mufunse akuluakulu, chifukwa si nthenda zonse zimene zimamva mapiritsi.

Nangozo, namwino, Soweto

Zikomo Naphiri polemba mwatsatanetsatane, chifukwa zimene mwalembazi ndi zambiri kuposa zimene odwala ambiri amatiuza m'chipinda choonera odwala. Ndisananene chilichonse ndikupemphani kuti muchite chinthu chimodzi usiku uno. Khalani pansi muwerenge kuti mwezi wathawu ndi masiku angati amene munamwa mankhwala alionse a ululu, kaya ndi ufa, panado, bufeni kapena mapiritsi a codeine. Sindikufunsa kuchuluka kwa mapiritsi, ndikufunsa masiku.

Bambo a Chikondi, sindikutsutsa kuti azakhali anu anachira, koma ndingakonde kudziwa kuti anali ndi zaka zingati pa nthawiyo. Mutu waching'alang'ala umagwira akazi mowirikiza pafupifupi katatu kuposa amuna chifukwa umayenda limodzi ndi kukwera ndi kutsika kwa mahomoni a msambo, ndipo amayi ambiri amapeza mpumulo akasiya kusamba, kaya atemedwa kapena ayi. Mphini zili ndi vuto lakenso, chifukwa lumo limene latema wina likhoza kupatsira HIV kapena matenda a chiwindi.

Bambo a Chikondi, Turffontein

Anali atakula ndithu, adzukulu anali nawo kale. Mwina mfundo yanu ili ndi nzeru, ngakhale kuti iwowo akanakhala moyo sakanavomera.

Naphiri, Cosmo City

Amayi Nangozo, ndawerenga. Timapepala ta ufa ndimatiponya m'thumba la chikwama, ndiye ndakhuthula pa bedi ndi kupeza 31, ndipo ndikudziwa kuti tina ndinataya m'njira. Ndikaganiza bwino, m'mwezi wathawu masiku amene sindinamwe kanthu sakupitirira 5 kapena 6. Ndachita manyazi ndithu poziona zitaunjikana choncho.

Nangozo, namwino, Soweto

Musachite manyazi, chifukwa palibe amene anakuuzani zimene ndikufuna kunenazi, ndipo pa kapepalako zilembo zake ndi zazing'ono zoti munthu wodwala mutu sangaziwerenge. Ine sindingakupimeni kudzera pa foni, koma zimene mwafotokoza zikufanana kwambiri ndi mutu umene umabwera chifukwa cha kumwa mankhwala a ululu pafupipafupi. Munthu amene ali kale ndi mutu waching'alang'ala akamamwa mankhwala amenewa masiku ambiri pa mwezi, kwa miyezi yoposa 3, ubongo umazolowera, ndipo mphamvu ya mankhwala ikangotha mutu umabwerera. Iye amamwanso, mutu umaleka kwa maola angapo, kenako umabweranso. N'chifukwa chake mumadzuka nawo m'mawa, popeza usiku wonse thupi lakhala lopanda mankhwala. Choncho yankho la funso lanu loyamba ndi lakuti mankhwala amphamvu kuposa amenewa si amene mukufunika panopa. Mukufunika dokotala wokuthandizani kuchepetsa amene mukumwawo ndi kukuyambitsani mankhwala oteteza kuti mutu usamabwere pafupipafupi.

A Mbewe, Rosettenville

Ine ndimagwira ntchito mu famase, ndipo ndionjezere manambala pa zimene anena a namwino. Malire amene madokotala amagwiritsa ntchito ali pawiri. Mankhwala a mtundu umodzi, monga panado yekha, asipilini yekha kapena bufeni yekha, amayamba kubweretsa vutoli munthu akamawamwa masiku 15 kapena kuposa pa mwezi. Koma mankhwala osakaniza, mankhwala okhala ndi codeine, ndiponso a mutu waching'alang'ala monga ergotamine ndi aja a m'gulu la triptan, malire ake ndi masiku 10 okha. Ufa umene ambirife timaudalira kuno ku Joni ndi wosakaniza, muli asipilini, paracetamol ndi caffeine, kotero uli m'gulu la masiku 10. Inu Naphiri mwafika pa masiku oposa 20.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimandiopsa ndikamaona anthu akugula. Choyamba, asipilini wa tsiku ndi tsiku, makamaka womwa m'mimba muli mbee m'mawa, amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba, ndipo munthu akaona chimbudzi chakuda ngati phula ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Chachiwiri, paracetamol amabisala m'mankhwala ambiri, mu ufa muja, m'mapiritsi a codeine, ngakhale m'mankhwala a chimfine, choncho munthu amatha kupitirira magalamu 4 pa tsiku, amene ndi malire a munthu wamkulu, iye akuganiza kuti wamwa mankhwala osiyanasiyana. Chimene chimavulala pamenepo ndi chiwindi. Za codeine ndinganene mosabisa kuti pa mutu waching'alang'ala sathandiza kwenikweni, amaonjezera nseru, amamanga m'mimba, ndipo thupi limamuzolowera msanga.

Nabanda, Yeoville

Achemwali anga Naphiri, ine ndadutsa m'njira yomweyi, ndipo ndikufuna ndikuuzeni zoona kuti musadzati tinakunamizani. Kusiya kumawawa. Dokotala atandiuza kuti ndisiye ufa, sabata yoyamba mutu unakula kuposa kale, ndinkasanza, tulo sitinkabwera, ndipo tsiku lachinayi ndinafika mpaka pakhomo la spaza ndalama zili m'manja, kenako ndinabwerera ndikulira. Sabata yachiwiri zinayamba kupepuka. Pa sabata yachitatu ndinadzuka m'mawa wina ndi kukhala pa bedi ndikudabwa kuti chasowa n'chiyani, ndipo chimene chinasowa chinali mutu.

Koma chimene ndikufuna kukhalitsapo ndi funso lanu lachiwiri, la kalankhulidwe. Nanenso ndinkalowa kwa dokotala ndi kunena kuti mutu ukundipweteka, basi, ndipo munthu amene ali ndi odwala ambiri panja akamva zimenezo amalemba panado. Zinasintha nditatenga kalendala ija timapatsidwa ku butchala kumapeto kwa chaka ndi kuyamba kulembapo. Tsiku limene mutu wawawa ndinkaika mtanda, ukakhala woti sindingagwire ntchito ndinkazunguliza mtandawo, tsiku limene ndamwa mankhwala ndinkalemba dzina lake pansi, ndipo masiku a msambo ndinkawadula mzere ndi cholembera chofiira. Patatha miyezi iwiri ndinang'amba masamba awiriwo ndi kuwayala pa tebulo la dokotala ndisanatsegule pakamwa. Anasiya kulemba, anavala magalasi, ndipo anawerenga mitanda ija ndi chala. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva koyamba dokotala akundifunsa mafunso oposa awiri.

Ndinatenganso m'chikwama mabokosi ndi timapepala ta mankhwala onse amene ndinkamwa, chifukwa mayina ake sindikanatha kuwatchula, ndipo mwana wanga anandilembera ziganizo zinayi za Chingerezi pa pepala, zonena kuti mutu unayamba liti, umabwera masiku angati, ndimamwa chiyani, ndiponso kuti ndikupempha mankhwala oteteza. Anandipatsa amitriptyline wa mamiligalamu 10 womwa usiku, ndipo pambuyo pake anakweza kufika 25. Pakamwa pamauma ndipo ndanenepako pang'ono, koma mutu umene unkabwera pafupifupi tsiku lililonse tsopano umabwera katatu kapena kanayi pa mwezi.

Che Amidu, Mayfair

Ndithirepo ndemanga monga mwamuna, chifukwa anthu amaganiza kuti nthendayi ndi ya amayi okha. Ine ndine mlonda ndipo ndimagwira usiku. Nanenso anandipatsa amitriptyline, koma sindinawauze adokotala za ntchito yanga, ndipo iwo anangoti ndizimwa usiku. Ndinamwa 8 koloko madzulo monga anandiuzira, ndipo pofika pakati pa usiku ndinali nditagona pa mpando m'kanyumba ka pageti, tochi ili m'manja. Mwamwayi amene anandipeza anali mnzanga, osati bwana. Ndinasiya mankhwalawo osauza aliyense ndi kukhala chaka chathunthu ndikunena kuti madokotala sadziwa kanthu, pamene wolakwa ndinali ine amene sindinabwerere. Nditabwerera anandifunsa ngati ndili ndi mphumu, ndinati ayi, anandiyeza kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima, ndipo anandisinthira ku propranolol. Ameneyu sandigonetsa.

Vuto langa lotsala ndi mwezi wa Ramadan, chifukwa njala, ludzu ndi kusowa tiyi zimandiutsira mutu m'masiku oyambirira. Chaka chino ndinapita kwa dokotala mwezi umodzi kusala kusanayambe, tinakonza kuti mankhwala ndizimwa pa chakudya cha m'bandakucha chija timati daku ndi pomasula madzulo, ndipo ndinayamba kuchepetsa tiyi pang'onopang'ono kutatsala masabata awiri. Zinandiyendera bwino kuposa zaka zonse.

A Gondwe, Hillbrow

Zonsezi ndazimva, koma tisanamizane ngati kuti kalendala imatsegula zitseko zonse. Ambirife tikafika pa kiliniki, mawu athu akangomveka kuti si akuno, nkhope zimasintha, ndipo masiku ano pali ngakhale anthu amene amaima pa zipata kufunsa ziphaso asanalole munthu kulowa. Ine langizo langa kwa Naphiri ndi lakuti asunge ndalama apite kwa dokotala wolipira, amene adzawapatsa mpando ndi nthawi. Mlongo wanga anachita zimenezo ndipo anamulembera sumatriptan, amene amamuthetsera mutu m'maola awiri. Za boma n'kutaya tsiku la ntchito pachabe.

Nangozo, namwino, Soweto

A Gondwe, zimene mukunena za pa zipata zikuchitikadi ndipo sindingazikane, komanso amene angathe kulipira dokotala wapadera alipire. Koma sindikuvomereza kuti za boma ndi zachabe, chifukwa nthenda imeneyi si ya ulendo umodzi. Mankhwala oteteza amafuna miyezi iwiri kapena itatu munthu asananene kuti agwira kapena alephera, ndipo amafuna kubwererako kuti mlingo ukwezedwe kapena mankhwala asinthidwe, monga zinachitikira Che Amidu. Munthu wogwira ntchito ya m'nyumba angathe kulipira ulendo umodzi, koma maulendo asanu ndi mankhwala a mwezi ndi mwezi angamulemere. Amitriptyline amapezeka m'makiliniki a boma. Ngati kiliniki yalephera, njira yake ndi kupempha kalata yotumizira ku chipatala chachikulu, chifukwa zipatala monga Helen Joseph, Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath zimalandira odwala otere kudzera m'makalata, osati munthu kungofika yekha kufuna katswiri wa ubongo. Naphiri, mukapita, pemphani mwaulemu kuti mukufuna tsiku limene dokotala amabwera pa kiliniki yanu, ndipo musasiye mapiritsi a codeine mwadzidzidzi musanamuuze kuchuluka kwa amene mumamwa, popeza ena amafunika kuwachepetsa pang'onopang'ono.

A Mbewe, Rosettenville

Za sumatriptan a Gondwe anena zoona kuti ndi mankhwala abwino, ndipo ndi amene anapangidwira mutu waching'alang'ala weniweni, osati ululu wamba. Anayamba kugwiritsidwa ntchito cha mu 1991, ndipo mapiritsi ake amakhala a mamiligalamu 50 kapena 100. Mnzake wodziwika kuno ndi rizatriptan. Amagwira bwino akamwedwa mutu ukangoyamba, osati munthu atapirira theka la tsiku. Koma amafinya mitsempha ya magazi, choncho saloledwa kwa munthu wodwala mtima, amene anachitapo sitiroko, kapena amene magazi ake amathamanga kwambiri ndipo sanatsitsidwe. Ndikupempha a Gondwe kuti mlongo wanu asagawire anzake mapiritsi ake, chifukwa chizolowezi chathu chogawana mankhwala ngati ndiwo chikhoza kupha munthu pamenepa. Che Amidu, inunso mudziwe kuti womwa propranolol akapatsidwa rizatriptan, mlingo wake umatsitsidwa kuchoka pa 10 kufika pa mamiligalamu 5, ndiye muzitchula mankhwala anu nthawi zonse.

Chimene ndikufuna aliyense m'gulu lino achisunge ndi cha ergotamine, amene amapezeka m'mapiritsi ena akale a mutu waching'alang'ala. Munthu amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir sayenera kumwa ergotamine ngakhale piritsi limodzi, chifukwa ritonavir amalepheretsa chiwindi kuchotsa mankhwalawa m'thupi, mitsempha imafinyika, ndipo magazi amatha kuleka kufika ku zala ndi kumapazi. Ndikudziwa kuti pa kauntala, anthu ali pambuyo panu, n'kovuta kunena kuti muli pa ma ARV. Lembani dzina la mankhwala anu pa kapepala kapena mutionetse chithunzi cha botolo pa foni, ife tidzamva popanda mawu.

Mayi a Tadala, Alexandra

Pepani kuti ndalowa pakati ndi funso langa. Ine mutu usanayambe ndimaona timizere towala tokhotakhota pakona ya diso, timene timakula mpaka sindingathe kuwerenga uthenga pa foni, ndipo pakatha mphindi 20 kapena 30 timachoka n'kubwera mutu. Nthawi yoyamba apongozi anga anati wina wandiponyera. Ndinayamba mapiritsi olera chaka chatha ndipo ndikuona ngati zawirikiza. Kodi zikugwirizana?

Nangozo, namwino, Soweto

Mayi a Tadala, funso lanu ndi lofunika kuposa momwe mukuganizira, ndipo palibe amene wakuponyerani. Zimene mumaonazo madokotala amazitcha aura, zimatenga pakati pa mphindi 5 ndi ola limodzi, ndipo zimachitikira anthu ena odwala mutuwu, osati onse. Mayi amene amaona zimenezi sayenera kumwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen, chifukwa ziwirizi zikaphatikizana chiopsezo cha sitiroko chimakwera, ndipo chimakwera koposa ngati amasutanso fodya. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaika nkhani imeneyi m'gulu la njira zosayenera kugwiritsidwa ntchito. Pitani mawa ku chipinda cha kulera, mutenge paketi ya mapiritsi anu, ndipo mufotokoze za timizereto monga mwalembera pano. Njira zina zilipo, monga jakisoni, kachipangizo ka pamkono, lupu ndi mapiritsi opanda estrogen, ndipo m'masiku osinthirawo mugwiritse ntchito kondomu. Amayi onse amene angathe kutenga pathupi adziwenso kuti valproate ndi topiramate, amene nthawi zina amaperekedwa poteteza mutu, amatha kuvulaza mwana m'mimba, ndiye dokotala auzidwe ngati mukufuna mwana kapena simukulera.

Popeza ndayamba za ngozi, ndimalize. Mutu waching'alang'ala umatenga maola 4 mpaka 72 ndipo mwini wake amaudziwa kabweredwe kake. Mutu umene wagwa mwadzidzidzi ngati mphezi n'kufika pachimake m'mphindi imodzi, mutu wobwera ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, kufooka kwa mkono kapena mwendo, kupotoka kwa pakamwa, kukomoka, kapena mutu waukulu kwa mayi woyembekezera, umenewo si wodikira nawo mzere wa mawa. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, ndipo gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino la South Africa limati munthu aliyense sayenera kukanizidwa chithandizo chadzidzidzi. Amene ali ndi HIV ndipo wayamba mutu wachilendo wosatha apite msanga, chifukwa matenda oumitsa khosi amayamba motero. Ndipo inu amene mudzatsike basi ku Park Station mu Januwale kuchokera kumudzi, mukadzamva mutu ndi kutentha thupi, mudzanene poyambirira penipeni kuti mwachokera ku Malawi ndipo mukupempha kuyezedwa malungo, chifukwa ku Johannesburg kulibe malungo ndipo wokuonaniyo angaganize za chimfine.

Naphiri, Cosmo City

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Chimene chikundiopsa tsopano ndi masabata awiri amene anena Nabanda, chifukwa abwana anga akaona ndajomba masiku angapo akhoza kufuna munthu wina.

A Gondwe, Hillbrow

Apa ndingathandizeko. Lamulo la ntchito la dziko lino limapereka masiku odwala olipidwa okwana masabata 6 pa zaka zitatu zilizonse, amene ndi masiku 30 kwa munthu wogwira masiku asanu pa sabata, ndipo ogwira ntchito za m'nyumba alimo. Bwana ali ndi ufulu wofuna kalata ya kuchipatala ngati mwajomba masiku oposa awiri otsatizana kapena maulendo oposa awiri m'masabata 8, choncho musatuluke kwa dokotala popanda kalatayo. Ndibwinonso kuwauza abwana anu zisanachitike, ndi kuyamba kusiya Lachisanu kuti masiku oipitsitsa agwere kumapeto kwa sabata.

Naphiri, Cosmo City

Ndabweranso patatha masabata 7 kuti ndikuuzeni momwe zayendera. Kalendala ya ku butchala ndinalibe, ndiye ndinagwiritsa ntchito kope la mwana wanga, ndipo timapepala 31 tija ndinatimanga ndi labala n'kupita nato. Adokotala atationa anapukusa mutu, anandiyeza kuthamanga kwa magazi, anandiunika m'maso ndi katochi, ndipo anandifunsa ngati m'mimba mumandiotcha, chimene chinali choona koma sindinkachigwirizanitsa ndi ufa. Anandiuza kusiya ufa nthawi yomweyo, codeine anandichepetsera m'masabata awiri, anandipatsa metoclopramide wa nseru ndi amitriptyline wa usiku, ndipo anati tiyi wa m'mawa ndisamusiye panopa kuti ndisalimbane ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi. Nabanda sananame, tsiku lachitatu ndi lachinayi ndinagona pansi pa simenti nsalu yonyowa ili pamphumi, ndipo ndinajomba masiku atatu.

Mwezi uno m'kope muli mitanda 11, itatu yozungulizidwa, ndipo masiku omwa mankhwala a ululu ndi 6. Sindinachire, ndipo mitanda itatu yaikuluyo yonse yagwera pa mzere wofiira wa msambo, chimene adokotala ati tidzakambirana ndikadzabwerera pa 14 mwezi wamawa. Amayi Nangozo, vuto langa latsopano ndi lakuti mankhwala a usikuwa amandisiya ndi tulo mpaka ndili m'takisi, moti Lachiwiri ndinapitirira malo otsikira. Kodi ndingamawamwe 7 koloko madzulo m'malo mwa 10 koloko, kapena ndidikire ndikafunse pa 14?